Matope a kwa Nsabwe ndiwo ankayesa galimoto

Inu adzukulu mwabadwa galimoto zili mbwee, moti ikamadutsa pamsewu simutembenuka n'komwe. Ife tinkathamangira fumbi lake. Tikamva injini ikulira kutsidya, tinkasiya mbuzi zikulowa m'munda mwa eni, liwiro la kumsewu, ndipo madzulo tinkalandira chikwapu mosadandaula chifukwa tinali titaona chinthu. Khalani pansi tsono ndikuuzeni za galimoto zimene zinakwera zitunda za kuno kwa Nsabwe, ndi momwe ife eni dera tinasunthira pang'onopang'ono kuchoka m'mbali mwa msewu, kukwera kumbuyo, mpaka kudzagwira chiwongolero.

Agogo anga aamuna anali m'gulu la Alhomwe amene anaoloka Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzapeza malo m'minda ya azungu, komwe malowo ankawalipira ndi thangata. M'masiku awo mzungu akafuna kupita ku boma kapena kukacheza kwa mnzake ankagona m'machila, chinsalu cholimba chomangirira pamtengo wautali, amuna n'kumalandirana mapewa njira yonse. Katundu anali wa amtengatenga. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anthu ambirimbiri a dziko lino anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali kumpoto, ndipo ochuluka sanabwerere. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, kutsata Ruo kudzera pa Sandama ndi pa Luchenza, koma sitima sipatuka kulondola munthu kwawo. Kuchokera pamunda kukafika pasiteshoni, fodya ankayenda pamutu kapena pangolo ya ng'ombe. N'chifukwa chake agogo ankati tsiku limene anaona lole itasenza mabelo amene akanalemetsa amuna a mudzi wathunthu, anaima n'kuivulira chipewa. Kukongola kwake analibe nako ntchito. Anailemekeza chifukwa inawalandira katundu.

Chimene chinadzaza misewu ya ku Thyolo ndi galimoto ndi tiyi. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, minda inali itayala kale: Satemwa, imene Maclean Kay anayamba mu 1923, minda ya Conforzi Mtaliyana uja, Naming'omba, Makandi, Nchima, Bandanga, ndi Zoa kumunsi kuno. Tiyi ali ndi khalidwe limodzi lovuta. Amaphuka kwambiri dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo tsamba likathyoledwa silidikira munthu. Likaunjikana m'matumba maola angapo limayamba kutentha lokha, limafiira, tiyi wake n'kutsika mtengo. Ndiye masiku amene masamba achuluka ndi omwenso dothi lathu lakatondo limaterera ngati therere. Walira mvula walira matope. Galimoto yofuna ulemu kuno inkayenera kukwera chitunda itasenza, mvula ikukhuthuka, n'kukafika kufakitale masamba akadali obiriwira. Ya penti wonyezimira koma yotitimira pakamtsinje koyamba tinkangoiseka.

Choyamba kukhoza mayeso amenewo chinali kathirakitala kotuwa ka Ferguson, kamene anayamba kupanga ku Coventry mu 1946. Kanali kakang'ono moti munthu wamtali akakwerapo mawondo ankaoneka otukuka, koma kankakoka ngolo yodzaza masamba kuchokera pasikelo ya m'munda mpaka kufakitale popanda kudandaula. Pambuyo pake kunabwera ofiira a Massey Ferguson, 35 kenako 135 wa mu 1964, wa injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu. Kulira kwake kunali kwa yekha, kodukizadukiza, ndipo otchola tiyi ankakumva ali kutali n'kuyamba kuthamangira kusikelo ndi madengu awo. Thirakitala inalibe ulemerero, palibe mtsikana ankaitembenukira, koma galimoto ya wina aliyense ikamira, ngakhale ya bwana wamkulu, mwana ankatumidwa kukaitana iyeyo ndi tcheni chake.

Mfumu ya misewu ya m'minda inali Land Rover. Inatuluka ku England mu 1948, nkhondo itangotha, chitsulo chikusowa, choncho thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, ndipo silinkachita dzimbiri ngakhale ligone pamvula dzinja lonse. Inalibe zokometsera. Nyale zake ziwiri zinali zoyandikana pakati pa nkhope, thanki ya petulo pansi pa mpando, ndipo ukafuna mphepo unkatsegula timazenera tiwiri pansi pa galasi lakutsogolo. Nzeru zake zonse zinali pa timitengo tiwiri pambali pa giya, kena ka mutu wachikasu, kena ka mutu wofiira. Ukakanikiza kachikasu, matayala onse anayi ankayamba kukoka. Ukakokera kofiira kumbuyo, galimoto inkayenda pang'onopang'ono moti munthu wapansi ankatha kuipitirira, koma inkakwera pamene mbuzi yokha ndiyo ikanayesa. Mu 1958 inabwera yachiwiri, yokulirapo, ya injini ya malita awiri ndi kota. Ina inali yaifupi, ina yaitali ya mainchesi 109, yomwe inkanyamula kalaliki, bokosi la malipiro ndi mlonda pa tsiku la tikiti. Itabwera yachitatu mu 1971, madalaivala anadandaula chinthu chimodzi chimene mungaseke: sefa ya kunkhope anaisintha kukhala ya pulasitiki, pamene yakale yachitsulo tinkaimasula tikagona kutchire n'kuotcherapo nyama.

Koma Land Rover ndisakuuzeni mbali imodzi. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene anatikakamiza chitaganya, mkangano wa malalanje pa munda wa Mangunda kufupi ndi Luchenza unayatsa moto wa madandaulo a malo ndi thangata amene anali atafuka kwa zaka zambiri. Anthu anagwetsa mitengo m'misewu n'kudula mawaya a telefoni, ndipo chipolowecho chisanazilale anthu 11 anali atafa. Ndinali kamnyamata, ndipo ndipamene ndinaona kuti galimoto imene ndinkaithamangira ikhoza kubalalitsa mudzi. Pa 3 Malichi 1959 Land Rover zinabweranso usiku kudzatola anthu a Kongeresi. Ngakhale titadzilamulira, nthawi ya chipani chimodzi, Land Rover ikaima pamsika amuna ankayamba kupapasa m'thumba kufufuza khadi la chipani ndi chiphaso cha msonkho. Komabe ndi galimoto yomweyo imene inkabweretsa anamwino a sikelo ya ana, alangizi a zaulimi ndi katemera wa nthomba. Amayi anga ankati poyamba uziona amene akhala kumbuyo, kenako udziwe ngati uthawe kapena utulutse mpando.

Ine chitsulo ndinachigwira koyamba cha m'ma 1960, pamene malume anandipezera malo a lole boyi pa esiteti ina. Lole za masiku amenewo zambiri zinali Bedford. Inalipo ya mphuno yaitali, imene inatuluka mu 1958, ndipo posakhalitsa inabwera ya nkhope yaphwatalala yotchedwa TK, imene injini yake inabisala kuseri kwa mpando, unkaifikira potsegula tizitseko ta m'mbali. Ya mphuno ndiyo ndinkaikonda. Ukatsegula boneti zonse zinali poyera, masilinda asanu ndi limodzi atandandalika mzere umodzi, malo okwanira kuti mnyamata alowemo ndi sipanala n'kukhala pansi. Inkasenza nkhuni za bulugamu zopita kumoto wa fakitale, chimanga cha phoso, feteleza, ndi mabokosi a tiyi a matabwa opyapyala okutidwa m'kati ndi pepala lonyezimira, opita ku siteshoni ya Luchenza kuti akakwere sitima ya ku Beira.

Malo a lole boyi anali pamwamba pa katundu, dzuwa likhale mvula ikhale. Kutsogolo kunali kwa dalaivala ndi kalaliki. M'mamawa ndinkayang'ana madzi ndi oyilo, kugogoda matayala, ndipo batire ikafooka chifukwa cha chisanu cha chiperoni ndinkatenga handulo n'kupukusa injini. Handulo ili ndi lamulo lake: chala chachikulu chizikhala mbali imodzi ndi zinzake, chifukwa injini ikabweza imathyola. Pachitunda ndinkakhala tcheru ndi chipika m'manja. Lole ikangotha mpweya ndinkadumpha n'kuchitsamiritsa kuseri kwa tayala isanayambe kubwerera m'mbuyo, ndipo moyo wa onse okwera unkadalira kufulumira kwa mnyamata wa malipiro otsikitsitsa. Tikamira, ntchito inali yanga: kukumba ndi khasu, kudula nthambi, kumanga matcheni kumatayala, matope mpaka m'makutu.

Dalaivala wanga anali mkulu wina amene anaphunzira kuyendetsa ku usilikali wa KAR pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, ndipo anafika mpaka ku Burma. Sankalankhula zambiri. Kwa nthawi yaitali sanandilole kukhudza chiwongolero, ankangoti ndizimvetsera. Ankandipatsa sikuludiraiva yaitali, nsonga yake ndiike painjini, chogwirira ndiike pakhutu, ndimuuze chimene chikugogoda. Ndikafulumira kuyankha ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi iyeyo anandiphunzitsa kutsitsa giya popanda kukukuta mano ake: uponde kilachi, uike pakati, usiye kilachi, upatse moto pang'ono, upondenso, giya n'kulowa yokha mwakachetechete. Dalaivala wokukutitsa giya ankamveka phiri lonse, ndipo madzulo ankasekedwa pamowa. Lamulo lake lalikulu linali la mtsetse: giya imene wakwerera chitunda ndiyo utsikire nayo. Mabuleki a masiku amenewo akatentha ankasiya kugwira, ndipo aliyense amene anatsikapo njira ya ku Thekerani kulowera ku Muona ndi Makhanga akudziwa kuti kumeneko munthu salakwitsa kawiri.

Ufulu utabwera mu 1964, zinthu zinayamba kumasuka, ndipo nanenso ndinapita ku Blantyre kukayesedwa. Ankaika migolo iwiriiwiri, iwe ubwerere m'mbuyo pakati pake osaigunda. Nditabwera ndi laisensi, amayi anapha nkhuku. Musaione ngati nkhani yaing'ono. Mdzukulu wa wonyamula machila anali atakhala kutsogolo, kiyi ali m'thumba mwake, ndipo kapitawo amene kale ankandiitana ndi mluzu anayamba kunena kuti a dalaivala.

Pamene ife tinkalimbana ndi malole, timagalimoto tating'ono tinali ndi eni ake. Amwenye a masitolo a pa boma ndi pa Luchenza, asanawasamutsire m'mizinda m'zaka za m'ma 1970, ankakonda Morris Minor, yomwe nayonso inatuluka mu 1948. Zakale zake zinalibe nyale zophethira. Ikafuna kukhota, kamkono kowala kankatukuka m'mbali mwake kuloza kumene ikupita, ndipo ana tinkaitsatira kufuna kuona kamkonoko basi. Ansembe ndi aphunzitsi a mishoni ankayenda pa Volkswagen ija ya msana wokhota. Imeneyo inatizunguza mutu. Ukatsegula kutsogolo unkapeza tayala lapadera ndi malo a sutikesi, injini ili kumbuyo, ndipo sinkamwa madzi ngakhale dontho chifukwa inkazizira ndi mphepo. Kulemera kwa injini kunkakanikiza matayala akumbuyo, motero pamatope inkadutsa pamene galimoto zazikulu zaima, ndipo ikamira amuna anayi ankangoinyamula kumbuyo n'kuiika pouma.

Ndiye panali za amuna obwera ku Joni ndi ku Salisbury. Ambiri ankabwera ndi njinga ya Humber kapena Raleigh, galamafoni ndi bokosi la zovala. Koma apa ndi apo wina amene anakhalitsa ankatulukira ndi galimoto yakeyake, Ford Zephyr, Chevrolet kapena Valiant, ataoloka nayo Zambezi pa pantoni ya pa Tete n'kulowera pa Mwanza. Tsiku limenelo mudzi sunkalima. Galimoto zimenezo zinali zazitali, zonyezimira, mipando yake yofewa, zopangidwira misewu ya phula ya m'mizinda ya eni, ndipo mimba yake inkakhula pansi m'njira zathu. Zambiri zinkayenda chilimwe chimodzi kapena ziwiri, ndalama za ku mgodi zikatha n'kuimikidwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kuyamba kuikiramo. Komabe sindiziderera. Zinationetsa kuti munthu wakuda akhoza kugula galimoto ndi thukuta lake. Njira ya ku migodi inatsekeka kwa kanthawi ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo kuyambira pamenepo maso athu anayamba kuyang'ana galimoto zogula konkuno.

Anthu wamba galimoto yawo inali basi. Kampani ya Nyasaland Transport inayamba mu 1947, kenako inadzatchedwa United Transport Malawi, UTM imene makolo anu amaitchulabe. Mu 1989 inagulidwa ndi Stagecoach, ndipo pomaliza inali Shire Bus Lines. Mabasi a Leyland a kumudzi anali ndi makwerero kumbuyo, padenga podzaza njinga, matumba, malata ndi madengu a nkhuku. Basi inkagona kumapeto kwa ulendo wake n'kudzuka m'bandakucha, ndipo hutala yake ndiyo inali wotchi ya midzi yonse ya m'njira. Tinayamba kulipira mashereni, mu 1971 n'kusinthira ku makwacha ndi matambala, koma lamulo linali lomwelo: ukaiphonya, wagona, mawa ndi tsikunso.

Tsopano ndifike pa imene mtima wanga unatsalira. Peugeot 404 anayamba kuipanga ku France mu 1960, ndipo mbiri yake inatifika kudzera pawailesi, chifukwa inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'miyala yofanana ndi yathu. Mng'ono wake 504, wa mu 1968, anali wofewa kuposa pamenepo, ndipo akuluakulu a boma ankamukonda. Koma ya ife anthu a ntchito inali 404 ya bokosi kumbuyo. Giya yake inali pa chiwongolero, motero kutsogolo kunkakwana anthu atatu. Inali yokwera bwino kuchoka pansi, ndipo pamsewu wa mabampu, pamene zina zinkagwedeza mano, iyo ukaipatsa moto pang'ono inkangoyandama. Ndinagula yanga chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, yogwiritsidwa kale ntchito, kwa wamalonda wina wa ku Limbe, nditaphatikiza ndalama zopumira ntchito ndi za nthochi za agogo anu aakazi.

Nthochi ndizo zinkadyetsa galimoto imeneyo. Masiku amenewo Thekerani, Molere ndi Masambanjati kunali nthochi zoti munthu sungaone nyumba, ndipo mikoko inkadikira m'mbali mwa msewu. Ndinkanyamuka usiku nditasanja mikoko mpaka pamwamba, eni ake atakhala pamwamba pa katundu wawo, kuti dzuwa lizituluka tili pamsika wa Limbe. Pobwerera ndinkatenga mchere, sopo, palafini, malata ndi anthu a matola. Panjira pakakhala chitunda choterera, okwera onse ankatsika okha osauzidwa, amuna kukankha, amayi kuponya udzu ndi miyala kutsogolo kwa matayala, ndipo pamwamba tinkadikirana mpaka gogo womaliza afike.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti galimoto ya m'mudzi si ya amene anaigula. Pakati pa usiku munthu ankagogoda, mayi wavutika pobereka, ndipo sunkafunsa za ndalama. Unkavala malaya n'kuyamba ulendo wa ku Malamulo, chipatala cha mishoni ya pa Makwasa imene inakhazikika kuyambira 1902. Mwana wina anabadwira m'bokosi la galimoto yanga tisanafike, azimayi atatchinga ndi zitenje, ine nditaima potero ndi tochi kuyang'ana kumbali. Maliro akachitikira kuchipatala, galimoto yomweyo inkabweretsa thupi kumudzi, nthambi zobiriwira zitasomekedwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo anamfedwa ankangothira mafuta. Loweruka lotsatira tinkaitsuka n'kuimanga maluwa kukatenga mkwatibwi. Mwini galimoto amene ankakana maliro ankadziwika dera lonse, ndipo tsiku limene wamira m'matope anthu ankadutsa ndi makasu awo paphewa akumupatsa moni waulemu.

Zaka zimenezo zinali zovuta. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji ya ku Beira, mafuta ndi zipangizo zinayamba kuzungulira njira zakutali n'kukwera mtengo, ndipo tonse a matola tinkayendetsa galimoto zokalamba zosenza mopitirira muyeso. Umakaniko wathu unakulira pamenepo. Thanki ikabooka ndi mwala tinkamata ndi sopo wa mtanda, chifukwa petulo samusungunula. Pampu ya mafuta ikatopa tinkamangirira chigubu padenga, kapaipi n'kutsikira ku kabuleta, mafuta n'kumayenda okha. Mapointi akada tinkawapala ndi m'mbali mwa bokosi la machesi. Sipuling'i ikathyoka tinkaika mtengo n'kukulunga ndi malegeni. Chubu ikang'ambika kutchire kopanda chigamba tinkafutsa udzu m'tayala kuti tingofika pamsewu waukulu. Palibe mwa zimenezi chimene ndingakulangizeni lero, koma zinkatheka chifukwa galimoto za nthawiyo zinali zomveka. Injini ya petulo inkafuna zinthu zitatu, mafuta, mpweya ndi moto wa pulagi, ndipo munthu wodekha ankatha kulondola chimene chasowa ndi maso, khutu ndi mphuno.

Za ku Japan zitayamba kuoneka, tinaziseka. Tinkagogoda chitseko cha Datsun 1200 n'kumati malata ake ndi opyapyala, siiona dzinja lachiwiri. Toyota Stout ndi Hilux tinkati n'zoseweretsa. Zinatitseka pakamwa. Mafuta atakwera mtengo padziko lonse kuyambira mu 1973, izo zinkangonyambita pamene zathu zinkamwa, ndipo m'mamawa wa Juni zinkalira ukangopotokola kiyi, popanda handulo kapena okankha. Kadatsun kaja anapitiriza kukapanga ku South Africa, katasintha dzina kukhala Nissan 1400, mpaka 2008. Pamene othawa nkhondo a ku Mozambique anadzaza m'maboma a m'malire kuyambira mu 1986, mabungwe othandiza anabwera ndi Land Cruiser zoyera, ndipo pang'onopang'ono mpando wa Land Rover unatengedwa. Nayo Bedford inasiya kupanga malole aakulu m'zaka zomwezo.

Zotsala munaziona nokha kapena munamva kwa makolo anu. Madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo mu 1997. Matenda a chisaka anatha nthochi, ndipo malole amene ankabwera kudzazitenga anasiya kubwera. Kunadza maminibasi, kenako galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo lero njinga zamoto za kabaza zikufika pakhomo pamene lole sinafikepo chiyambire.

Musaganize kuti ndikuti zakale zonse zinali zabwino. Zinalibe malamba, mabuleki anali ofooka, utsi unkalowa m'kati, ndipo anthu ambiri anagwa pamwamba pa malole n'kutsala olumala. Galimoto ya lero ndi yofewa, yachangu, yosamwa mafuta, ndipo mphunzitsi wa pulayimale akhoza kuigula, chinthu chimene m'nthawi yathu chinali maloto. Chimene chimandiwawa n'chakuti ukatsegula boneti umapeza chivundikiro cha pulasitiki, ndipo ikadwala imafuna kompyuta ya ku Blantyre kuti inene pamene pakupweteka. Mwini wake amaidziwa mtundu ndi mtengo, koma mawu ake sawamva. Ife galimoto tinkakhala nayo zaka makumi awiri, tikudziwa bawuti iliyonse, ndipo ikamatsokomola tinkadziwa ngati ndi madzi m'mafuta kapena pulagi yachitatu.

Ndipo zakalezo sizinachoke m'mudzi muno, mumangozidutsa osazizindikira. Belu limene limakuitanani kusukulu ndi limu ya lole. Nkhwangwa ndi zikwanje zambiri za osula a kuno zinachokera ku masipuling'i. Ngolo zimene mumaona zikukokedwa zimayenda pa ekiselo za galimoto zimene zinafa kalekale, nsapato za matayala zinatiyendetsa zaka zambiri, ndipo miphika ina yoyera ya pamsika ndi zitsulo za injini zosungunula. Ya ine 404 ndinaigulitsa mawondo atayamba kukana kilachi, ndipo amene anaigula anaiyendetsabe mpaka thupi linatha, injini n'kukaikidwa pa ina.

Iwe amene ukufuna kuyamba kabaza, tenga zitatu kwa ine. M'mawa uliwonse yang'ana oyilo usanalize injini. Pamtsetse tsika ndi giya, usadalire buleki yokha. Ndipo wodwala akagogoda usiku, za ndalama mukakambirane pobwerera. Mukandifunsa kuti yoposa zonse inali iti, ndikuyankhani motengera ntchito: pamatope Land Rover, pakatundu Bedford ya mphuno, pa ulendo wautali 404, ndipo zonsezo zikamira, thirakitala. Tsono mukadzamva kuti kwinakwake kuseri kwa nyumba kwagona Land Rover ya timitengo tiwiri tija, kachikasu ndi kofiira, musalole kuti ogula zitsulo aiphwanye ndi nyundo n'kuiyeza pasikelo. Mudzanditenge pa njinga yanuyo. Masipanala ndikadali nawo m'bokosi pansi pa bedi, ndipo mukapeza batire ndi anyamata anayi okankha, tidzaona ngati singalire.